Lenti Imene Ndinapempherera Amayi

Fungo la makandulo ongozimitsidwa kumene limandibwezera m'katchalitchi ka pasukulu pathu, m'chigwa cha Domasi, chaka chimene ndinali mu Sitandade 4. Inali nyengo ya Lenti, mvula ikupita kumapeto. Makoma anali atamera ndere, mabenchi ankazizira ndi chinyontho, ndipo tikagwada pasimenti mchenga unkatsalira m'maondo. Kunja chimanga chinali chitayamba kukhwima, ndipo m'mawa nkhungu inkatsika m'phiri la Malosa mpaka kubisa mabulugamu a kuseri kwa makalasi.

Chaka chimenecho tinkakonzekera kulandira Ukalistia koyamba. Anzathu akaweruka, ife tinkatsala ndi a Sisiteri Rozaliya, mayi wamfupi wa mawu otsika amene choko sichinkachoka m'zala zawo. Ankatiphunzitsa kupinda manja ndi kuyenda pamzere osakankhana. Poyeserera ankatiika tizidutswa ta makaka palilime, ife n'kumalimbana ndi phwete. Tsiku lina anatiuza kuti munthu amene ali ndi tchimo lalikulu sayandikira guwa mpaka atalapa. Anzanga anangolowezapo, koma ine mtima unathamangira kwa amayi.

Amayi ndiwo ankasesa tchalitchi Loweruka, ndiwo ankayambitsa nyimbo kumphakati, ndipo kolona yawo inali itafwifwa ndi kugwiridwa. Koma nthawi yolandira ikakwana, anzawo onse ankadzuka, iwo n'kutsala atagwada okha pabenchi, maso pansi. Ndinali nditazolowera kuona zimenezi osafunsa. Madzulo ena tikuthyola nkhwani kumunda ndinalimba mtima n'kuwafunsa. Amayi anapitiriza kuthyola kwa kanthawi, kenako anayankha osandiyang'ana.

"Bambo ako anamanga kale ukwati wa mphete ndi mkazi wina, kwawo ku Phalombe. Mkaziyo anawasiya iwe usanabadwe, koma ali moyo. N'chifukwa chake ife sitilandira."

Sindinamvetse zambiri. Chimene ndinagwira n'chakuti panali chitseko chotseka pakati pa amayi ndi guwa. A Sisiteri anali atatiuza kuti pa Lenti aliyense asiye kanthu kamene amakakonda ndipo apemphe chinthu chimodzi ndi mtima wonse. Ine ndinasiya zitumbuwa za pabuleki. Anzanga akamathamangira kwa amayi ogulitsa pansi pa mtengo wa mango, ndinkalowa m'tchalitchi, n'kupempha kuti amayi adzalandire pamodzi ndi ine. Lachisanu pa Njira ya Mtanda ndinkasankha dala pogwada pa miyala, poganiza kuti pemphero lopweteka limafika msanga.

Bambo anali kalipentala. Ankagwira ntchito m'chisakasa cha m'mbali mwa msewu ku Naisi, ndipo ankabwera kunyumba akununkhira utuchi wa mkungudza. Mabenchi ena a m'tchalitchimo anakhoma ndi iwo, ngakhale kuti pa Misa ankaima kumbuyo pafupi ndi khomo. Chiyambire Khirisimasi ankatsokomola, n'kumati ndi fumbi la matabwa. Pofika pakati pa Lenti anasiya kupita kuntchito. Ndinkawapeza atagona pamkeka pakhonde, atafunda jekete dzuwa likuswa mtengo, lamba ataboola mabowo atsopano ndi msomali. Ankandiitana kuti ndiwanenere katekisimu, ndipo ndikalakwitsa ankandikonza ali chitsinzinire. Mayankho onse ankawadziwa pamtima kuyambira ali mwana. Ndikayankha bwino ankagogoda pamkeka ndi chala, ngati mmene ankagogodera thabwa labwino.

Sabata Yoyera itayamba, ansembe anabwera panjinga yamoto, matope ali mpaka m'maondo. Anakhala nthawi yaitali m'chipinda ndi bambo, chitseko chili chotseka. Atatsegula tinalowa, ndipo ndinaona bambo akulandira Ukalistia, koyamba m'moyo wanga. Amayi anagwada pakhomo, atagwira tambula ya madzi. Ine ndinasangalala. Ndinkati ngati bambo alandira, ndiye kuti za amayi zayandikira. Lachitatu masana mayi wa nyumba yoyandikana nafe anabwera kudzanditenga kusukulu. Tisanafike ndinamva nyimbo za maliro. Bokosi anakhoma ndi anzawo a kuchisakasa, ndi matabwa amene bambo anasiya atapala okha.

Tsiku lathu lolandira linali Lamulungu lotsatira Pasaka. Dzulo lake tinakalapa, ndipo kumapeto kwa mzere wa ana ndinaona amayi ataima, mutu ali wometa, atamanga duku lakuda. Anakhalitsa kwa ansembe kuposa wina aliyense. M'mawa mwake anandiveka diresi loyera lobwereka, n'kulipinda m'chiuno ndi mapini. Ndinayenda pamzere monga anatiphunzitsira. Ukalistia unamatirira kumwamba m'kamwa, wopanda kukoma kulikonse. Nditabwerera pamalo panga ndinacheuka, ndipo ndinaona amayi akudzuka pabenchi. Azimayi anzawo anawapatsa njira. Anayenda pang'onopang'ono, analandira, anabwerera, nagwada ataphimba nkhope ndi manja.

Pamenepo m'pamene ndinazindikira. Ndinali nditapatsidwa chimene ndinapempha, ndipo ndinaona njira imene chinadzera. Misa itatha anzanga ankajambulitsa zithunzi panja, ine ndinapita kwa a Sisiteri Rozaliya amene ankapinda nsalu za paguwa. Ndinawafunsa ngati Mulungu amatenga kanthu akafuna kukupatsa kena. Anasiya nsaluzo, nandiyang'ana.

"Mulungu sagulitsa, mwanawe," anatero. "Bambo ako anadwala. Si iwe."

Anandipukuta kumaso ndi mpango wawo wonunkhira sopo, koma sindinawakhulupirire. Kwa zaka zambiri ndinkanena mapemphero oloweza okha. Ngakhale pa mayeso a Sitandade 8 sindinapemphe kalikonse, poopa kuti andilanda amayi kapena mng'ono wanga.

Lero ndakula kupitirira zaka zimene amayi anali nazo nthawi imeneyo. Ndikudziwa kuti matendawo analowa m'thupi mwa bambo ine ndisanayambe kupempha, ndiponso kuti pamene tinkapakidwa phulusa pamphumi, amayi anali atauzidwa kale kuchipatala ku Zomba kuti bambo sachira. Ndinadzamvanso kwa iwo eni, ali okalamba, kuti chitseko chija sichinali chokhoma monga ndinkaganizira. Anauzidwa kangapo kuti akasiyana ndi bambo akhoza kulandira Lamulungu lililonse, ndipo nthawi zonse ankathokoza n'kubwerera kunyumba. Mwana wa Sitandade 4 uja ankaganiza kuti amayi akusowa chinthu chimodzi chokha padziko, ndipo anachipempha ndi mtima wake wonse. Sankadziwa kuti amayi anali atasankha kale, ndipo akanawafunsa tsiku limenelo, akanavomera kutsala atagwada okha mpaka imvi, bola bambo ataima pafupi ndi khomo.