Febby Analankhulira Kuseri kwa Khoma

M'mawa uliwonse Febby amazungulira. Njira yachidule yochokera kwawo ku Mwenilondo kupita kusukulu imadutsa pakhomo pa apongozi ake aamuna, a Yotamu Mwalwanda, choncho iye amatsetserekera m'minda ya mpunga, nsapato zili m'manja, n'kukatulukira pa kamlatho ka matabwa pomwe ine ndimamudikira. Kwathu kuno kwa Ankhonde mkazi saonana maso ndi bambo a mwamuna wake, ngakhale dzina lawo salitchula. Mwana aliyense wa kuno amadziwa zimenezi.

Febby anasiya sukulu ali Folomu 2 atatenga mimba ya Manase, amene tsopano ndi mwamuna wake. Mwana wake Comfort atayamba kuyenda, anapempha kuti abwerere. Apongozi aakazi anakanitsitsa. A Yotamu ndi amene anavomera, mawu awo akudzera mwa Manase, koma anachenjeza kuti tsiku limene sukuluyo idzamuchotse ulemu, yunifolomu idzalowa m'sutikesi ndipo iye adzabwerera kumunda.

Tinkakhala desiki imodzi mu Folomu 3. Anali wamkulu kwa tonsefe, koma mantha ake ankaposa anga. Akafunsidwa funso ankaimirira, yankho lili m'kamwa koma osatuluka. Anyamata akumbuyo ankayamba kulira ngati khanda, ena n'kumati, "Mayi a Comfort, nthawi yoyamwitsa yakwana."

Madamu Kachingwe, aphunzitsi a Chichewa ochokera ku Thyolo, analengeza kuti aliyense adzalankhula pamaso pa kalasi, wopambana adzakaimira sukulu ku mpikisano, ndipo wokana asadzalowenso m'phunziro lawo. Kuyambira pamenepo Febby ankayeserera m'minda muja. Ndinkamumva asanaonekere, akuuza mpunga nkhani yake, kukakamira pakati, n'kuyambiranso.

Tsikulo litafika, Madamu analowa ndi mlendo woti athandize kupereka malikisi, wapampando wa komiti ya makolo. Anali a Yotamu. Febby anatsetsereka pa benchi n'kukhala pansi, juzi atadzifunda kumutu. 

Anzathu angapo atalankhula, Madamu anaitana dzina la Febby. Khumbize, monita wathu, anapita kukawanong'oneza chomwe chavuta. Iwo anaseka.

"Apongozi? Muno ndi m'kalasi, si pakhomo panu. Iwe Febby, imirira ubwere kutsogolo, utiyang'ane tonse, apo ayi tuluka ndipo usadzabwerenso."

Mpaka lero ndikakumbukira kuseka kumeneko mtima umandiwawa. Madamu akhala kuno zaka zambiri. Amadya mpunga wathu, amadziwa tsiku la msika uliwonse, amadziwa ndi ndani amagulitsa zitenje zabwino za ku Tanzania. Chinthu chimodzi chokhachi anachiona ngati chosayenera kuchiphunzira. Febby akanangoima kutsogolo kuja, nkhani ikanafika kwa apongozi aakazi dzuwa lisanalowe, ndipo sukulu ikanathera pomwepo. Akanakhala chete, akanathamangitsidwa m'phunziro. A Yotamu anangoyang'ana nsapato zawo, chipewa akuchipinda m'manja.

Febby ananyamuka chowerama, nkhope atalozetsa kukhoma, juzi idakali kumutu, n'kutuluka. Kumbuyo kunamveka kulira kwa khanda kuja. Madamu anapukusa mutu, kunena kuti atsikana oterewa amangotaya nthawi ya boma, n'kuitana wotsatira.

Kalasi yathu ilibe mawindo agalasi, ili ndi njerwa zazibowo. Mawu anadzera m'zibowo zimenezo.

"Madamu, sindinathawe. Ndili pano. Ndikuyamba."

Sanadikire yankho. Poyamba mawu ankagwedera, moti chiganizo choyamba anachibwereza. Kenako anakhazikika. Anafotokoza za tsiku limene anabwerera kusukulu, mmene mkaka unanyowetsera bulauzi yake pakati pa phunziro la masamu, iye n'kukhala atakumbatira buku pachifuwa mpaka belu lomaliza. Ananena za Comfort akulira pakhomo, iye osatembenuka chifukwa akanatembenuka sakanapita. Anatchula za anyamata olira ngati khanda, n'kuwauza kuti kulira kwenikweni kwa khanda amakudziwa ndi iye, ndipo kwawoko kumangomuseketsa. Apa kalasi inaseka, koma osati kumuseka iye.

Anamaliza motere: "Amene anandilola kuvala yunifolomu iyi ndi agogo a Comfort. Sindingawathokoze powachotsera ulemu. N'chifukwa chake mukumva mawu okha."

Tinaomba m'manja mpaka a m'kalasi yoyandikana nayo anasuzumira.

Madamu anamupatsa malikisi ochepa. Anati wolankhula wabwino amaima kutsogolo n'kuyang'ana omvera, ndipo lamulo ndi lamulo. Ku mpikisano anasankha Bruce, amene anawerenga zonse papepala mutu uli pansi, ngakhale kamodzi osatiyang'ana. Nanga iye anaona omvera ati? 

A Yotamu analankhula kamodzi kokha, ali pakhomo akuvala chipewa. Anauza Madamu mwaulemu kuti iwo anamva bwino mawu onse a munthu wa panja uja, ndipo sanamuone. Anatulukira mbali ina ya bwalo, kuti Febby apeze mpata wolowa. Manase anadzauza mkazi wake kuti mayi ake atafunsa, mdalayo anabwereza mawu omwewo, nkhani n'kuthera pomwepo.

M'mawa mwake Febby anazunguliranso m'minda, nsapato zili m'manja. Anatsuka matope pa kamlatho, tinalowa m'kalasi, ndipo Madamu Kachingwe atafunsa funso loyamba, iye anakweza dzanja, n'kulisiya m'mwamba mpaka anamuloza.