Dzina langa linatsala pa ngongole

Nyumba tinaigula mu 2007 pa mtengo wa madola 128,000. Inali ya zipinda zitatu, kumpoto kwa mzinda wa South Bend, kuno kutsidya kwa nyanja, pafupi ndi chipatala chimene tonse awiri tinkagwirako ntchito, mkazi wanga ngati nesi, ine ngati wothandiza manesi. Ndalama tinabwereka kubanki, ndipo pa chikalata cha ngongoleyo, imene kuno timangoti mogeji, panali mayina awiri: langa pamwamba, lake pansi.

Pofika mu 2011, pamene ukwati unkatha, mitengo ya nyumba inali itagwa. Munthu wowerengera mtengo anabwera ndi tepi yake, nazungulira nyumba kwa theka la ola, n'kulemba 89,000. Kubanki tinali tidakali ndi ngongole ya 117,000. Tikanagulitsa, bwenzi titatsala opanda nyumba koma tili ndi dzenje la madola 28,000. Ana tinalibe. Chogawana chinali dzenjelo basi.

Koma ife sitinayambire kubanki. Tinayambira kwa ankhoswe, monga zimakhalira kwathu. Ankhoswe enieni anali ku Dedza ndi ku Mchinji, choncho tinachita kubwereka. Anga anali mkulu wa mpingo wa ku Indianapolis, amene ndinkawatcha amalume ngakhale panalibe ubale. Ake anali mayi wina wachikulire, nesi mnzake, amene ankawatcha azakhali. Tinakhala pabalaza Loweruka lina kuyambira masana mpaka tiyi wachiwiri atazizira.

"Zakanika," anatero amalume pomaliza, akutseka Baibulo.

"Nanga nyumba?" anafunsa azakhali.

"Aa, mayi, limenelo n'funso? Kwathu mwamuna akachoka pabanja amanyamula zovala zake ndi njinga. Munaonapo munthu atasenza denga? Nyumba imatsala kwa mkazi."

"Njingayonso awa alibe," anatero azakhali.

Onse anaseka, ngakhale mkazi wanga. Kenaka amalume anandiyang'ana. "Mphwanga, musatichititse manyazi kuno kwa eni."

"Atenge," ndinatero, ndipo ndinadzimva kuti ndine mwamuna weniweni.

Loya sitinalembe, poopa ndalama. Ndinasayina pepala la tsamba limodzi losiya umwini wa nyumba, ndipo khoti linavomereza zimene tinagwirizana. Mwa anthu anayi tinakhala pabalaza paja, palibe anaganiza zofunsa kubanki. Kwathu nyumba ndi njerwa zimene mwamuna anaumba. Akaisiya, waisiya yonse. Kuno nyumba ili ndi mapepala awiri, la umwini ndi la ngongole. Ine ndinachoka pa loyamba lokha.

Ndinazidziwa chaka chotsatira. Ndinali nditasamukira ku Indianapolis, n'kupeza ntchito kunyumba yosamalira okalamba, ndipo ndinaona kanyumba kotsika mtengo ku Lawrence. Mayi wa kubanki anayang'ana pakompyuta nthawi yaitali.

"Inu muli kale ndi ngongole ya nyumba," anatero.

"Nyumbayo ndinaisiya."

"Nyumba munaisiya, inde. Ngongole ikadali m'dzina lanu, ndipo mwezi wa Malichi ndi wa Juni malipiro anachedwa. Sitingakupatseni ina."

Ndinaimbira mkazi wanga wakale ndili pamalo oimika magalimoto. "Chotsani dzina langa pa mogeji."

"Ndichotse ndi chiyani, labala? Ndinapita kale, anakana. Akuti sangarifainanse, sangandilembere ngongole yatsopano m'dzina langa ndekha, chifukwa nyumba siikufika mtengo wa ngongole. Si munandipatsa ndi manja awiri pamaso pa anthu?"

Amalume nditawafotokozera anangoti, "Koma mphwanga, za mapepalazo ife sitinazidziwe. Tiyeni tiziike m'mapemphero."

Ndinachita lendi kachipinda kufupi ndi msewu wa Lafayette. Chimene ndinatsala nacho chinali chimodzi: popeza dzina langa linali pa ngongole, ndinkatha kulowa mu akaunti yake pa intaneti. Poyamba ndinkalowa pofuna kuteteza dzina langa. Malipiro anali madola 980 pamwezi, ofunika pa 1. Iye ankalipira pa 14, nthawi zina pa 16, kuchokera mu akaunti yothera ndi 4471. Ndivomere: kuchedwako kunkandikoma. Ndinkaona tsikulo n'kudziwa kuti popanda ine zinthu zikumuvuta, ndipo ndinkapita kuntchito ndikuimba mluzu.

Mu Okotobala 2013 ndalama zinalowa pa 1. Mu Novembala, pa 1. Akaunti yolipira sinalinso ya 4471. Mu Januwale panawonjezereka madola 200 ochepetsera ngongole yeniyeniyo. Malipiro a kuntchito a mkazi ameneyo ndinkawadziwa mpaka senti yomaliza. Madola 200 apadera analibe.

Kale ku Blantyre ndinkalemba nkhani za m'khoti m'nyuzipepala, ndipo chizolowezi chofuna umboni wachiwiri sichinandichoke. Loweruka lina mu Febuluwale ndinagwira msewu wa 31 kupita kumpoto, maola awiri ndi mphindi makumi anayi. Ndinaima tsidya lina la msewu, nyumba zitatu kuchokera pa yathu.

Paipi yotsitsa madzi a padenga, imene ndinakhala zaka zitatu ndikulonjeza kuti ndikonza, inali yokonzedwa. Chitseko chinali chitapentedwa chobiriwira. Pakhomo panali pikapu yotuwa. Ndipo mwamuna wina ankachotsa sinowo, chipale chogwa nthawi yozizira, panjira ndi fosholo yanga yofiira, imene ndinagula madola 19 n'kukulunga tepi yakuda pachigwiriro chitang'aluka.

Ndinkamudziwa. Mmalawi mnzathu, woyeza magazi kuchipatala komwe kuja, woimba besi m'kwaya. Anadyapo patebulo pathu kawiri. Tsiku limene ndinkasamuka, ndiye anandinyamulira masutikesi kukaika m'galimoto, nandiuza kuti ndilimbe mtima.

Mkazi wanga wakale uja anatuluka atamanga chitenje pamwamba pa chikhothi, kapu ikufuka nthunzi m'manja. Anamupatsa, n'kumusasa sinowo pachipewa. Ndinafuna kunena mumtima kuti ine sanandibweretserepo tiyi panja, koma si zoona. Anandibweretserapo kawiri, chaka choyamba.

Ndinabwerera osatsika m'galimoto. Kuyambira pamenepo ndinkalowa mu akaunti ija katatu pamlungu, ngakhale manambala amasintha kamodzi pamwezi. Madola 200 aja sanaphonyepo. Choipitsitsa chinali chakuti ankandithandiza. Banki sidziwa dzanja limene lalipira. Imangoona kuti ngongole ya uje ikuyenda bwino. Mbiri yanga ya ngongole, imene kuchedwa kwa mkazi wanga kunaiipitsa, inayamba kukwera mwezi ndi mwezi chifukwa cha thukuta la mwamuna wogona m'chipinda changa. Makalata a mabanki ondinyengerera kuti nditenge makhadi awo anayamba kubwera. Ndinkawang'amba osatsegula.

Mu 2016 mkazi uja anaimba.

"Mtengo wa nyumba wakwera, ngongole yatsika. Banki yavomera kulemba ngongole yatsopano. Tikusayina Lachisanu teni koloko, ku ofesi ya m'tauni. Ndati ndikudziwitseni."

"Mukusayina ndi ndani?"

"Mukuwadziwa. Musandifunse ngati muli kukhoti."

Zaka zinayi ndinkapempha chinthu chimenechi. Koma mlungu wonsewo ndinakonzekera kukana. Ndinalemba pakapepala zimene ndidzafune ndisanasayine: ndalama za matailosi a m'khitchini amene ndinaika ndekha, theka la mtengo wa makina otenthetsera nyumba, ndi fosholo. Sikuti ndinkafuna ndalamazo. Ndinkafuna mwamunayo akhale pampando, cholembera chili m'manja, akudikira ine.

Ndinasinthana shifiti ndi mnzanga, ndinavala suti, ndipo ndinafika ku South Bend kutatsala mphindi makumi awiri. Ofesiyo inali pansanjika yachitatu. Mayi wolandira alendo anatsegula failo, nayendetsa chala pamndandanda.

"Dzina lanu palibe pa osayina, bambo."

"Ngongoleyo ndi yanga."

"Yakaleyo tiilipira yonse lero ndi yatsopano. Umwini munasiya mu 2011, pepala lake ili. Palibe chofunika kwa inu. Mumwa khofi?"

Ndisanayankhe, awiriwo analowa. Mwamunayo anandipatsa moni ndi manja awiri, akuwerama pang'ono.

"Achimwene! Ulendo wonsewu? Mwachita bwino zedi, Mulungu akudalitseni."

"Ndinati ndikudziwitseni, sindinati mubwere," anatero mkaziyo. Anandiyang'ana kuyambira kumapewa mpaka kunsapato. "Suti imeneyi si ya paukwati ija? Ikukuthinani."

Analowa m'chipinda cha chitseko chagalasi. Ine ndinakhala panja ndi khofi m'kapu yapepala, kapepala kanga kali m'thumba. Ndinawerenga: mwamunayo anasayina malo makumi awiri ndi atatu. Pa tsamba lililonse ankayamba ndi iye, pamzere wapamwamba, kenaka n'kukankhira pepala kwa mkaziyo. Pena cholembera chinakana, mkaziyo anatulutsa chake m'chikwama namupatsa osayang'ana n'komwe. Munthu akudzimangirira pa ngongole ya zaka makumi atatu, koma akumwetulira ngati walandira mphatso, ndipo ine ndinamusirira. Zonse zinatha m'mphindi makumi atatu ndi zisanu. Ndinatsika pamasitepe asanatuluke.

Patapita milungu itatu kalata inafika: ngongole yalipidwa yonse, dzina langa lamasuka. Amalume anati tikapereke chithokozo kutchalitchi, ndipo Lamulungu lake anandiimiritsa pamaso pa mpingo, anthu akuomba m'manja.

Pa 1 mwezi wotsatira, ndisanapite kuntchito, ndinatsegula kompyuta monga mwa masiku onse. Ndinalemba dzina ndi mawu achinsinsi. Panatuluka mzere umodzi wonena kuti akaunti imeneyi inatsekedwa. Ndinayesanso kawiri, poganiza kuti mwina ndalakwitsa chilembo. Sindinalakwitse. Kuchokera tsiku limenelo sindidziwa kuti amalipira pa 1 kapena pa 14.