Mnzawo wa Bambo Wopukuta Matambula

Ndikukumbukira ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi, tikukhala mu hositelo ya anthu othawa kwawo kuno ku Dublin. Nthawi imeneyo bambo sankaloledwa kugwira ntchito. Munthu amene ku Zomba anali mphunzitsi wamkulu ankangokhalira kuonera mafilimu akalekale a ku America pa TV ya m'chipinda chochezera. Sindinama, zinkandichititsa manyazi.

Akatswiri okwera mahatchi a m'mafilimuwo bambo analibe nawo ntchito. Iwo ankasaka kamdala kena kadazi, kamphuno ngati mbatata. Lero kakupukuta matambula m'bala, mawa ndi kondakitala wa sitima, mkuja kakunyamula zikwama pahotela. Kankalankhula mawu awiri atatu basi. "Uyo mnzanga uja!" bambo ankatero, akuwomba m'manja. Filimu ikatha ankasendera pafupi n'kumakopera m'kope mayina a osewera amene amadutsa kumapeto, poganiza kuti dzina lobwerabwera ndiye likhala lake.

Tsiku lina mayina atangoyamba kuoneka, ndinatenga rimoti n'kuika makatuni.

Bambo anatseka kope lija. "Chisomo, munthu wagwira ntchito, iwe ukulephera kudikira dzina lake?"

"Daddy, he's nobody," ndinawayankha m'Chingerezi changa chakusukulu.

"Nobody," anabwereza chapansipansi, akuyang'ana manja awo. Sabata yathunthu sanatsikenso kukaonera filimu. Bola akanangondikwapula.

Mapepala owaloleza kugwira ntchito atatuluka, bambo anapeza ntchito yosamalira okalamba ku Finglas, konkuno ku Dublin. Chaka chatha ndinawaperekeza kumaliro a gogo wina amene bambo anamusambitsa ndi kumudyetsa zaka zinayi. Mwana wa malemu anathokoza wansembe, dokotala, ngakhale woimba limba, aliyense pomutchula dzina. Kenako anangoti, "and all the staff." Bambo anali pabenchi yakumbuyo atavala suti yawo imodzi ija, akugwedeza mutu ngati zonse zili bwino.

Mtima unandiwawa. Apo m'pamene ndinamvetsa kuti mawu anga aja sanagwere kamdala ka m'filimu ayi, anagwera munthu amene anali pafupi nane.

Potuluka ndinawagwira dzanja mpaka kwa mwana wa malemu uja. "Awa ndi a Phiri," ndinatero, "amene ankameta bambo anu ndevu." Dzinalo ndinalitchula kawiri. Bambo anandinong'oneza kuti, "Iwe, usandichititse manyazi," koma dzanja langa sanalitaye.

Dzina la kamdala kaja sitinalipeze mpaka lero. Koma ndikapita kukaonera filimu ndimatsala ndekha m'holo, osesa akundidikira, mpaka dzina lomaliza lidutse.