Nyenyezi Yomwe Ndinagwetsa

Fungo la tiyi wouma ku fakitale likasakanikirana ndi nkhungu, limandibwezera kukomboni ya ku Ruda, nyengo yachisanu yomwe ndinapeza legeni yanga yoyamba. Mbalame za m'chigwa chathu cha Honde sizinkandiopa n'komwe, poti ndinkaziphonya zonse. Ndiye tsiku lina dzuwa litangolowa, ndinalunjika nyenyezi yoyamba kutuluka, n'kukoka mphira mpaka kukhutu. Mwala wanga sindinaumve ukugwa.

M'mawa mwake, anthu akubereka madengu, kumwamba kunaphulika ngati bingu, chonsecho kopanda mtambo. Chimwala chakuda chinaboola lata la khitchini ya a kapitao n'kuswa mtsuko. Ndinachigwirako: cholemera kuposa msinkhu wake, chikununkha ngati machesi. Ndinadziwa kuti ndathothola nyenyezi.

Akuluakulu anali ndi wawo womuganizira. A Zuze, mkulu wa ku Mozambiki wotchetcha udzu, anali atangokangana ndi a kapitao. Kumpopi anthu anasiya kuwayankha moni, ana tinaletsedwa kudutsa pakhomo pawo. Ine ndinalephera kubisa, mpaka ndinapita kwa bambo.

"Ababa, nyenyezi ija ndinagwetsa ndine."

"Iweyo? Wophonya nkhuku ili pamazira?"

Anaseka mpaka kutsokomola, nakauza anzawo, komboni yonse n'kuseka. A Zuze okha sanaseke. Anandisisita mutu n'kuti, "Wayesetsa, mwanawe." Mvula isanagwe anakulunga mphasa yawo n'kuwoloka phiri kubwerera kwawo.

Zaka zamavuto zino, mphunzitsi wina wothawa choko akuthyola tiyi mzere woyandikana ndi wanga. Ine sukulu ndinangoinunkhiza, ndiye ndimamufunsa zambiri. Akuti dzuwa ndi maiko ake zinayamba ngati fumbi lozungulira. Timiyala tinkagundana n'kumatana, tina n'kuswana, mpaka kunabadwa dziko lomwe tikupondali. Mwezi nawo akuti ndi chibenthu chomwe chinathothoka dziko litawombedwa ndi linzake. Zotsalira zikuyendayendabe, nthawi zina n'kugwera pakhitchini ya munthu.

Ndili mwana ndinkati akanandikhulupirira, a Zuze sakanachoka. Lero ndikudziwa kuti mwalawo unayamba ulendo kusanakhale kapitao, Zuze kapena chala cholozera munthu. Unalibe mwini. Komabe wina anausenza kukwera nawo phiri, ndipo ngakhale mphunzitsi afotokoze chotani, mtima wanga umanenabe kuti mtolowo unali wanga.