Kachipewa Kachikasu ka ku Springburn

Munthu woyamba amene ndinamuona akupepesa firiji anali mnansi wanga wa ku Springburn, mumzinda wa Glasgow. Anaitseka mwamphamvu pang'ono, kenako n'kuiweramira. Mukhoza kukana, koma ine ndinalipo, ndipo firijiyo ikadalipo.

Kwawo kunali ku Nepal, koma dziko limene linamupinda msana ndi Japan. Anapitako ali mnyamata kukaphunzira chiyankhulo. Akaweruka kusukulu ankalongedza mpunga ndi nsomba m'timabokosi pafakitale, kenako anakhala zaka zambiri m'kagolosale komwe wolowa umamuweramira, wotuluka umamuweramira, wongousa mvula nayenso umamuweramira. Pofika kuno kudzagwira ntchito yosamalira okalamba, msana unali utazolowera. Ankaweramira dalaivala wa basi, ankaweramira foni. Tsiku lina anaweramira nkhunda pasiteshoni, nkhundayo n'kubweza. Ndikanama, mphezi ya kwathu ku Dedza ikwere ndege idzandipeze konkuno.

Makomo athu ankayang'anana. Ine ndinkalimbana ndi maphunziro ku Hillhead, ndipo pamasitepe ndinamuphunzitsa mawu amodzi okha akwathu, achimwene, amene tinkaitanirana.

Mkazi wake anatsala ku Japan, akuyala mabedi muhotelo podikira mapepala. Amene anabwera ndi bamboyu anali mwana, kamtsikana ka zaka zisanu ndi ziwiri kobadwira komweko. Chijapani kankachiyankhula ngati madzi, koma Chinepali chake chinali chongokwanira kukana chakudya. Kanabwera ndi chikwama chachikopa chachikulu choti ine ndikanatha kuchita lendi, ndiponso kachipewa kachikasu. Bambo ake anandiuza kuti kumeneko ana aang'ono amavala zipewa zotere kuti oyendetsa galimoto aziwaona, chifukwa kusukulu amapita okha.

"Okha, achimwene?"

"Okha. Mukamuperekeza, anzake amuseka kuti ndi khanda."

Sindinaonepo chachilendo. Inenso ndinayamba kupita ndekha kusukulu ndisanamere mano, ndikuwoloka mtsinje wodzadza, ng'ona zikundifunsa ngati ndadzuka bwanji.

Choncho m'mawa uliwonse bambo ankalawirira kuntchito, ndipo kachipewa kachikasu kankatsika msewu kokha mumvula. Pamphambano kankakweza dzanja, galimoto ikaima kankawoloka, kenako kutembenuka n'kuweramira dalaivala. Maphunziro akatha, anzake akuthamangira panja, iko kankatulutsa kansanza m'chikwama, kugwada, n'kuyamba kukolopa m'kalasi, poti kumene kanachokera ana amayeretsa okha sukulu yawo.

Tsono lowani m'maso mwa aphunzitsi akuno. Mwana amabwera yekha, sayankhula, ndipo belu likalira amagwada n'kumapukuta pansi. Sindiwaimba mlandu. Anaitanitsa kholo.

Mnansi wanga anavala suti, anagula bokosi la mabisiketi, n'kupita. Ku Japan, anatero pondifotokozera pambuyo pake, ukavutitsa anthu umayamba ndi kupepesa, ndipo ukapepesa mokwanira nkhani imatha. Atamufunsa ngati amasiya mwana yekha, anawerama n'kunena kuti walakwa. Atamufunsa ngati ndiye amamukolopetsa chogwada, anawerama kwambiri n'kunena kuti zonse ndi iye, amukhululukire. Akanamufunsa amene amabweretsa mvula mu Glasgow, akanavomeranso. Mabisiketi anabwerera nawo osatsegula.

Sabata isanathe kunabwera amayi awiri a boma oona za ana. Anasuzumira mufiriji ija, anayang'ana mawondo a mwana, ndipo pochoka ananena kuti kukhala msonkhano woona ngati mwanayo apitirize kukhala ndi bambo ake kapena akayambe wasungidwa kwina.

Mnansi wanga anagogoda pakhomo panga nkhope itatuwa ngati phulusa.

"Achimwene, ndinapepesa pang'ono kodi?"

"Munapepesa zokwanira mpingo wonse. Kuno pepani satseka nkhani. Kuno ukati ndalakwa, amakukhulupirira."

"Nanga ndizinena chiyani?"

"Chimene chinachitika. Mutaima chilili."

Ntchito inakula pamenepo. Ndinkakhala pampando ngati mayi wa boma, ndikumufunsa mwaukali, iye n'kumayankha. Pakamwa panaphunzira msanga, koma msana unali mbuli. Ndinamulowetsa mtengo wa chokolopera kumbuyo kwa jekete. Nditangoti "Bambo, mwana wanu," mtengo uja unathyoka pawiri. Zidutswa zake ndinasunga, wofuna abwere adzaone. Tinaseka, koma kuseri kwa chitseko kamwana kanali kataima n'kumatiyang'ana, ndipo kuseka kunatithera pakhosi.

Kumsonkhano ndinapita nawo monga mnansi. Chipinda chinali chofunda, tebulo lalitali, womasulira Chijapani ali pafoni pakati pa tebulo. Mnansi wanga anakhala mowongoka ngati msilikali, thukuta likutsika m'khosi. Anafotokoza za zipewa zachikasu, za ana oyenda okha, za nsanza. Sanapepese ngakhale kamodzi. Ndinkamva mafupa ake akulira ngati chitseko chakale, ndipo amene anakhala pafupi nane anamvanso, poti anatembenuka.

Kenako mayi wotsogolera msonkhano anafunsa mwana mofatsa chifukwa chimene amakolopera. Kanayankha motsitsa, foni n'kumasulira kuti kalasi ndi yawo, ndipo kankadabwa kuti anzake amathawa ntchito. Ena anamwetulira. Mayiyo anafunsanso kuti kakufuna kumakhala kuti.

Foni inati: "Akuti akufuna kupita kwawo."

"Ku Nepal?"

Kamwana kanapukusa mutu. Ku Nepal kanali kasanapondeko. Kanatchula tauni ya ku Japan kumene kanabadwira, kumene kuli amayi ake ndi anzake, dziko limene mapepala ake amakatcha mlendo ngakhale mchombo wake unagwera komweko.

Apa msana wa bambo unagonja. Anatembenukira kwa mwana wake, osati kwa aboma, n'kuwerama mpaka chipumi chinagunda tebulo, ndipo anakhala choncho. Pa nkhani yonseyi, apa pokha ndi pamene ndikanakonda nditanama.

Aboma mwana sanamutenge. Anati akhale ndi bambo ake, bola munthu wamkulu azimuperekeza ndi kukamutenga, ndipo iwo azibwerabe kudzaona. Amabweradi. Masiku amene bamboyo walawirira, woperekeza ndimakhala ine. Kamagwira mkono wa jekete langa ndi zala ziwiri, mutu uli pansi, ngati munthu wogwidwa ndi apolisi.

"Ankolo," kanatero tsiku lina m'Chingerezi chake chatsopano cha Chiglasigo, "ndinalakwa ndine eti?"

Ndinakauza kuti ayi. Ndinalumbira, monga ndimachitira pa zonse, ndipo mwina n'chifukwa chake sikanandikhulupirire.

Pamphambano sikakwezanso dzanja, galimoto ikaima sikaiweramira. Nsanza ija bambo ake amapukutira nsapato. Chipewa chimakhala pamsomali kuseri kwa chitseko sabata yonse. Koma Lamlungu foni ikalira kuchokera ku Japan, ndimamva timapazi tikuthamanga pakhonde lawo. Kamakachivala msangamsanga kasanaonekere kwa amayi ake, amene mpaka pano amaganiza kuti mwana wawo amapita yekha kusukulu.