Mlimi Amene Ankasiyira Njovu Mizere

Amuna anga atatumizidwa kukaphunzitsa ku Mwazisi, tinachoka ku Dedza ndi ana awiri komanso kathumba ka mbewu ya chimanga. Munda tinabwereka kumapeto kwa mudzi, kumene dzuwa likatentha mitengo ya kunkhalango ya nyama ya Vwaza imaoneka ngati ikuyandama. Njovu ndinali ndisanaionepo. Ndinkangoona mapazi ake m'mawa, aakulu ngati lichero, mame ali m'mbali.

Chaka chimenecho abambowo anayamba kulembera ana a sukulu sewero. Linali la mlimi amene ankakhulupirira kuti njovu zimaononga chifukwa palibe anazipatsapo chakudya mwaulemu. Mlimiyo anasiya kuziimbira zitini zoziopseza, n'kuzisiyira mizere ya chimanga ya kumalire. Masana abambowo ankandiwerengera sewerolo pakhonde ine ndikusenda chinangwa, ndipo ndisaname, mlimiyo ndinkamukonda. Ndinkawodzera mawu akupitirira, n'kumamuona akuyenda pakati pa njovu, dzanja lili pakhutu la imodzi, chimanga chikuwerama chokha kuti adutse.

Koma sewerolo silinkatha. Njovu zikamaliza mizere yawo, mlimiyo ankawonjezera ina. Mkazi wake akadandaula, ankamuuza kuti mtima wake ndi wochepa. Kenako amuna anga, munthu amene kwathu sankalola ngakhale nkhuku kuyandikira mphasa ya ufa, anayamba kulankhula chimodzimodzi. Anzathu ankamangirira nsanza zopaka tsabola m'malire mwa minda yawo kuti njovu zisalowe, ife ayi; tsabola wathu ndinangomusunga. Chitini chathu choimba abambowo anachisandutsa chothirira maluwa.

Mayi wina woyandikana nafe munda anandiimitsa panjira. "Mama, chimanga chanu chakongola chomene," anatero. "Muzichiyang'ana chikadalipo."

Chitangomasula, ndinapeza mbali ya kumunsi itagona yonse, njovu zitadutsamo. Mtima unandiwawa, ndipo ndinaopa njala ya ana anga kudziko la eni. Masana amenewo sindinalole kuwerengeredwa.

"Abambo, mkazi wa mlimi wanu uja amadya chiyani?" ndinafunsa.

"Sindinafike pamenepo."

"Fikanipo."

Anakhala masiku osandiwerengera kanthu. Kenako kunabwera mtsikana wosewera ngati mkazi wa mlimiyo, akuti aphunzitsi amutuma adzabwereke chitenje changa, chobiriwira chomwe ndinkavala popita kutchalitchi.

Tsiku la sewero tinakhala pansi pa mitengo ya pasukulu. Njovu zinali ana ofunda masaka, zikuyenda pang'onopang'ono m'fumbi ngati mmene ndinkazionera m'tulo tanga ta pakhonde. Zinadya mizere ya kumalire, zinadya ya pakati, zinagwetsa ndi nkhokwe yomwe. Mlimiyo anaima m'munda wopanda kanthu, akuzitchulabe abale ake, akuzipepesa kuti chakudya chachepa. Anthu anaseka. Koma mkazi wake atamanga mapoto m'chitenje changa chija, n'kugwira ana padzanja, n'kuchoka osacheuka, kuseka kunatha.

Ndinalira. Mlimiyo ndinamumvera chisoni, ndipo ndinadziwa kuti amuna anga ankamukonda kuposa mmene ine ndinkamukondera, komabe anamusiya yekha m'fumbimo. Iwo anali ataima kumbuyo kwa ana, maso ali pachitenjecho.

Tinabwerera kunyumba. Titafika abambowo anakhuthula madzi a m'chitini muja, n'kuchigogoda ndi chala kuti amve ngati chikuliranso.

"Amayi," anatero, "tsabola uja munasunga pati?"