Mbale yomwe inabwerera yopanda kanthu

Ndikukumbukira ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi, pa Chiponde, tili othawa nkhondo. Kwathu ndi tsidya lija ku Mozambiki, kufupi ndi Mandimba. Tinabwera ine ndi amayi basi, bambo anatsalira m'njira. Nkhaniyi ndimaifotokoza pa foni kwa anzanga kuno ku Joni tikuseka, koma zoona zake siyoseketsa ayi.

Kwathu pa Idi pali mwambo. Ukaphika, umapakula mbale n'kutumiza kwa aneba, ndipo mbaleyo sibwerera yopanda kanthu. Amaikamo chawo, kaya nyama, kaya kamchere chabe. Amayi anati nkhondo yatilanda nyumba, koma izi sitisiya.

Nanga tiphika chiyani? Tinkadalira chakudya cholandira: ufa, mafuta ndi nandolo. Nandolo m'mawa, nandolo madzulo, mpaka kusukulu ankatitcha ana a nandolo. Mwezi wonse wa Ramazani amayi ankasunga mafuta pang'onopang'ono, n'kukasinthitsa ndi kampunga. Kanachepa, ndiye anasakaniza ndi nandolo yemweyo. Anapakula m'mbale yathu yabwino, n'kuvindikira ndi kansalu.

"Mariamu, kapereke kwa Abiti Saidi. Ugwade, wamva?"

Abiti Saidi anali akazi a mwini golosale, ndipo ndi amene ankatilola kutunga pa chitsime chawo. Vuto linali mwana wawo Asiyatu, wa m'kalasi mwanga, mwini wake wa dzina lija la ana a nandolo.

Nditayandikira ndinamva fungo la mbuzi yokazinga. Ndinaona Asiyatu pakhonde, diresi latsopano, anzake atamuzungulira. Ndinatsegula kansalu kuyang'ana chakudya chathu, nandolo ali mbuu pamwamba. Ndinazemba kuseri kwa chulu, n'kukhuthula zonse pansi. Nkhuku zinathamangira. Mbale ndinaipukuta ndi masamba.

Kunyumba amayi anavundukula kansalu.

"Sanaikemo kanthu?"

"Ayi."

"Anati chiyani?"

"Angoti zikomo."

Anaiyang'ana mbale ija nthawi yaitali. "Ngakhale kamchere," anatero chapansipansi. Tsikulo sanadye.

Kuyambira mawa lake anasiya kupita kuchitsime. Ankalawirira kumtsinje, kutali, n'kubwera ndi madzi amatope. Ankati munthu akakuonetsa kuti ndiwe wopempha, usamuvutitsenso. Ine ndinkangoona, pakamwa ndili chete, ine amene ndimalankhula ngati wailesi.

Patatha sabata Abiti Saidi anatulukira okha pakhomo pathu.

"Anzanga, talakwa chiyani? Kuchitsime simukuoneka. Pa Idi ndinasunga mwendo wa mbuzi kudikira mbale yanu, munandiuza nokha mwambo wakwanu. Ndinadikira mpaka ndinachita manyazi. Ndinati kaya a ku Mozambiki chakudya chathu amanyansidwa nacho."

Amayi anatembenuka kundiyang'ana. Ndinali pa mtondo, munsi uli m'manja, ndipo ndinalakalaka nthaka itang'ambika. Ndinadikira kuti anene.

"Pepani," anatero amayi. "Mwanayu anapunthwa m'njira, chakudya chinatayika. Anaopa kundiuza."

Abiti Saidi anaseka. "Iwe Mariamu, maso amenewo ndi okongoletsa nkhope? Bwera mawa udzatenge madzi, koma uyende ngati munthu."

Atapita ndinayembekezera ndodo. Bola akanandimenya. Amayi anangokhala pamphasa n'kundiitana.

"Unapunthwa?"

"Ayi."

"Ndikudziwa. Ndasala mwezi wonse, lero ndanama chifukwa cha iwe. Unachita manyazi ndi nandolo, kapena ndi ine?"

Mpaka pano yankho ndilibe loti ndinganene mokweza.

Nthawi imeneyo ndinkaganiza kuti nkhani ndi chakudya, kuti chathu n'chonyozeka, chawo n'chapamwamba. Ndazindikira nditakula, nanenso ndili m'dziko la eni, mmene zimawawira kukhala munthu wongolandira. Chaka chonse amayi ankaima pamzere ndi thumba, kuyamika aliyense. Tsiku limodzi lokha pa chaka ndi limene ankakhala iwo wopatsa, mayi wapakhomo pake ngati kale kwathu. Tsiku limenelo ndi lomwe ndinawalanda ine mwana wawo, osati asilikali.